Chipinda chonse mtundu umodzi

Ife opaka penti, kuyambira kuno ku Madziabango mpaka ku Chileka ndi ku Lirangwe, tinazolowera pempho limodzi: kumtunda kirimu, kumunsi penti wa mafuta wofiirira mpaka m'chiuno, monga makoma a kusukulu ndi kuchipatala. Ine ndimati zipinda zing'onozing'ono za nyumba zathu zimakhala bwino zikavala mtundu umodzi wolimba, kuchokera pansi mpaka kudenga. Mzere wodula khoma pakati umafupikitsa chipinda, chifukwa diso limakaima pamzerepo, denga n'kuoneka ngati latsika. Mtundu ukakhala umodzi ngodya sizidziwikanso, ndipo kachipinda ka mamita atatu mbali zonse kamaoneka kotakasuka. Kirimu nayenso sapirira fumbi la katondo la mu Okutobala, ngakhale timanja ta ana tochokera m'mbale ya ndiwo. Pakutha chaka pafupi ndi chitseko pamakhala pali bii, pamene wobiriwira kapena wabuluu amakhala akadali bwinobwino.

Ena amati zimenezi n'zachilendo, zongoonera pa foni. Koma kutsutsa galu n'kukumba. Amayi athu akhala akuzira nyumba ndi tsiro kuyambira kalekale, lina lakuda, lina lofiira, ndipo palibe ankati nyumbayo yaonjeza. Yendaninso mumsewu wa M1 pa Lunzu ndi pa Lirangwe muone magolosale ofiira psuu a Airtel ndi obiriwira a TNM. Maso athu anazolowera kale mitundu yolimba kunja. Mantha timangochita nayo tikalowa m'nyumba. Chikhalirecho kunja n'kumene penti amavutika, pakuti dzuwa limasuwitsa wofiira msanga, pamene m'kati amakhalitsa zaka.

Dandaulo lomwe ndimalilemekeza ndi la mdima. Nyumba zambiri kuno zili ndi kawindo kamodzi, zina magetsi a ESCOM sanafike, ndipo usiku kuwala kumachokera pa kababu ka sola kapena tochi. N'zoona kuti khoma lakuda limameza kuwala, komanso udzudzu umakonda kubisala pamdima. Koma mtundu wolimba ndi mtundu wakuda n'zinthu ziwiri zosiyana. Wachikasu ngati papaya wakupsa ndi wolimba ndithu, komabe amabweza kuwala. Chipinda cha windo laling'ono ndimachipatsa ameneyo, wabuluu wozama ndimamusungira pabalaza pamene dzuwa limalowa. Za udzudzu, wotiteteza ndi neti, osati kirimu.

Pa ndalama sindingabise, penti wamtundu amaposa laimu mtengo, ndipo salola chinyengo. Makoma a chipinda cha mamita atatu chija ali ngati masikweyamita 30, ndiye makoti awiri amadya chitini cha malita 5 n'kutsala akufuna china, makamaka khoma likakhala latsopano, pakuti pulasitala amamwa ngati mchenga wa mu Shire. Wofiira ndi wachikasu nthawi zambiri amafuna koti yachitatu. Apa m'pamene anzathu ena amathira madzi ambiri kuti chitini chikwane, khoma n'kutuluka la mawangamawanga ngati nkhanga, mwini nyumba n'kuda mtunduwo m'malo moda ntchitoyo. Kirimu amabisa ulesi wa mmisiri, wolimba amauika poyera, ndipo ndikhulupirira kuti ichi n'chimene chimachititsa opaka ena kuuza anthu kuti mtundu umodzi suyenera nyumba ya kumudzi.

Choncho ntchito yeniyeni imakhala isanafike bulashi. Pulasitala aume pafupifupi mwezi wathunthu, apo ayi mchere wa simenti umatulukira ngati ufa woyera n'kufundula penti. Laimu wakale apalidwe yense, ming'alu itsekedwe, khoma likwechedwe ndi sandipepa mpaka chikhatho chiziyenda osakodwa, kenako andakoti. Zitini zonse ndimazithira mu ndowa imodzi n'kutakasa bwino, chifukwa ziwiri za dzina limodzi zimatha kusiyana pang'ono, ndipo pa mtundu wolimba kusiyanako kumaonekera patali. Khoma ndikaliyamba sindilisiyira pakati, ndimafika nalo pangodya penti akadali wauwisi. Ndimalawirira m'mamawa malata asanatenthe, chifukwa masana a ku Chileka amaumitsa penti rola isanabwerere, n'kusiya mizere imene ngakhale koti yachiwiri imavutika kuiphimba.