Chimfine ndi Fuluwenza

Ku St Mary's, mu mzinda wa Chitungwiza, kuli gogo wina amene bambo ake anachoka ku Dedza kudzafuna ntchito ku Salisbury, n'kutchona. Agogowa akulera mdzukulu wa zaka zinayi amene amavutika ndi mphumu. Khadi lake la kusikelo n'lodzaza: katemera wa chifuwa chachikulu, wa poliyo ndi wa chikuku, yense analandira pa nthawi yake. Choncho palibe anganene kuti agogowa amaopa jakisoni. Koma m'mwezi wa Meyi, chisanu chitayamba, mwana wawo wa ku Johannesburg anaimba foni kuti akabayitse mwanayo katemera wa chimfine, ndipo iwo anangoseka.

"Mwanangu, chimfine n'chobayitsira mwana? Si mandimu ndi bulangete basi?"

Kusekako kunachokera m'chiyankhulo. M'Chichewa, mawu oti chimfine amatchula matenda awiri amene achipatala amawasiyanitsa. Pali chimfine cha mamina ndi kuyetsemula, chimene chimatha chokha pakapita masiku owerengeka. Palinso china chobwera mwadzidzidzi, chotentha ndi kuphwanya thupi, chimene kwa ana osakwana zaka zisanu ndiponso odwala mphumu chikhoza kusanduka chibayo. Chishona chimene agogowa amayankhula pamsika sichiwathandiza, pakuti mawu oti dzihwa amatanthauza mamina ndi matenda omwe. Munthu sawopa matenda amene dzina lake ndi mamina.

Pali zifukwa zinanso. Ku Zimbabwe katemerayu sali m'gulu la akatemera a ana operekedwa ulere kusikelo. Amagulidwa kumafamase kapena kwa madokotala oyima paokha. Kwa kholo la ku Zengeza kapena ku Seke, chimene boma silipereka chimaoneka ngati cha anthu opeza bwino. Komanso kachilombo kake kamasintha, motero chaka chilichonse mu Seputembala bungwe la WHO limalangiza za mtundu wa katemera woyenera mayiko a kumwera kwa dziko lapansi, ndipo munthu amayenera kubayitsanso. Tsono mwana wobayitsidwa akayamba kuyetsemula mu Julaye, amayi ake amati katemera wa chimfine walephera, pamene iye sanapangidwire chimfine chimenecho.

Nkofunika kusiyanitsa agogowa ndi makolo okana katemera aliyense kaamba ka chikhulupiriro, monga ena a mipingo ya Apositoli. Kukana kotero kunaonetsa zotsatira zake mu 2022, pamene chikuku chinabuka m'boma la Mutasa ku Manicaland n'kupha ana oposa 700, ambiri mwa iwo osabayitsidwa. Agogowa analira nawo maliro amenewo, pakuti chikuku amachidziwa ndi dzina lake lomwe.

Patapita sabata mwana wawo uja anaimbanso.

"Amayi, sindikunena chimfine ayi. Ndikunena fuluwenza."

Agogowa anakhala chete. Mawu amenewo anawamva ali mtsikana, bambo awo akusimba zimene makolo awo anaona mu 1918, chaka chimene fuluwenza anapulula anthu m'makomboni a migodi ya ku Southern Rhodesia, n'kufika mpaka kumidzi ya ku Nyasaland kumene amuna ogwira ntchito m'migodimo ankachokera. Kwa iwo fuluwenza anali mliri wakale wa m'nkhani za akuluakulu, ndipo sankadziwa kuti abale ake amabwera m'nyengo yozizira iliyonse atabisala m'dzina la chimfine.

Ndalama sizinachuluke m'nyumbamo chifukwa cha liwu limodzi, ndipo famase sinasendere pafupi. Koma madzulo omwewo agogowa anayang'ana mdzukulu wawo akupuma movutikira m'tulo, nafunsa mwana wawo kuti katemerayo ndi ndalama zingati.