Maliro a Sajeni

Kwathu kuno mbira ndi ndiwo, khoswe ndi mdani, ndipo mbewa malo ake n'pakamtengo m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe. Umu ndi m'mene ndidakulira ine. Tsiku lomwe ndidamva kuti kumaiko a azungu kuli anthu oweta makoswe m'nyumba, kumawapatsa maina, mpaka kupita nawo kwa dotolo kuti akawafule, ndidaseka mpaka nthiti kuwawa. Sindinkadziwa kuti posakhalitsa ine ndemwe ndidzakumba kamanda kuseri kwa nyumba yalendi ku Zingwangwa, mwana wanga ataima pambali, bokosi la nsapato lili m'manja.

Mbirazo zidachokera kwa agogo ake ku Thyolo, ziwiri zokha, yaimuna ndi yaikazi. Agogowo ankati tizipezako nyama, koma mzime wanga, mtsikana wa Sitandade 5 panthawiyo, adaletseratu zoti mpeni uyandikire khola. Yaimuna, yakuda ya banga loyera pamphuno, adaitcha Sajeni chifukwa inkalamula nyumba yonse ndi kulira kwake ikangomva jumbo ikukhuluza. Mwanayu akaweruka kusukulu ankadzera kumsika kukatola makhoko a kabichi, ndipo nsima ankaidya Sajeni atakhuta kale.

Vuto la mbira n'kuswana. Bere lake ndi la miyezi iwiri ndi masiku ochepa, ndipo yaikazi ikaswa imatha kutenganso lina tsiku lomwelo. Pofika Meyi 2023 m'khola mudali mbira 14, eni nyumba atayamba kudandaula za fungo. Mayi a kunyumba adati, "Abambo, gawani kholali pakati ndi waya, zazimuna uku zazikazi uku, nkhani yatha." Koma ine, poti ndimagwira ntchito m'boma ndipo ndimawerengako, ndidaiona nzeruyi ngati yachimidzi. Ndidagamula kuti zazimuna zina tigawireko anthu, Sajeni akafulidwe kwa dotolo wa ziweto.

Dotoloyo sadandinamize. Adandiuza poyera kuti agalu, mbuzi ndi ng'ombe wafula zosawerengeka, koma kanyama kakang'ono chotere sadakazolowere. Ine ndidaumirira. Choipa kwambiri n'chakuti usiku wotsatana ndi tsiku la opareshoni ndidachotsa chakudya chonse m'khola, pokumbukira kuti mayi a kunyumba atapita kumpeni adawaletsa kudya. Sindidafunse munthu. Pajatu akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ndidadziwa mochedwa kuti mbira, monganso kalulu ndi khoswe, sisanza, choncho palibe chifukwa choigonekera ndi njala. M'mimba mwake muyenera kumayenda chakudya nthawi zonse, apo ayi matumbo amaima, mimba n'kudzaza mpweya.

Opareshoni yeniyeniyo idayenda bwino. Ndidamubweretsa Sajeni m'katoni, pa minibasi, akusinzabe ndi mankhwala ogonetsa. Umu mudali m'Juni, chiperoni chitakuta phiri la Soche, ndipo ine ndidamubwezera m'khola lake lapanja, pasimenti. Kathupi kakang'ono kamataya kutentha msanga kakagonetsedwa. Ankafunika nsalu, botolo la madzi ofunda, ndi munthu womudyetsa pang'onopang'ono. Tsiku lonse lotsatira adangoti chete pakona, ubweya uli nyankhalala, kabichi osamuyang'ana n'komwe. M'mawa wachiwiri mwana ndiye adamupeza atauma.

Patapita masiku ndidafufuza pa intaneti ya kuofesi, ngati munthu wofuna mboni yomuwombola pamlandu. Kafukufuku wa David Brodbelt ndi anzake ku Britain, wofalitsidwa mu 2008, adapeza kuti mwa agalu pafupifupi 600 ogonetsedwa amafa mmodzi, mwa akalulu 72 amafa mmodzi, mwa makoswe 100 amafa awiri, pomwe mwa mbira 100 zimafa pafupifupi zinayi. Kumeneko n'kumaiko komwe zipangizo zili mbwee. Ndidawerenganso kuti yaimuna ikafulidwa imakhalabe ndi mphamvu yobereketsa kwa masabata angapo, kutanthauza kuti ngakhale Sajeni akadachira, waya wa mayi a kunyumba uja akadafunikabe. Mboni yanga idandimangitsa.

Tidamuika pansi pa mtengo wa papaya. Mwana adamukulunga m'juzi yake yakale, ndipo pokwirira adalira kulira komwe ine sindidakumvepo kwa iye. Mayi wina woyandikana nafe, akuchokera kumpopi, adaima n'kunena kuti, "Anthu atha ku Chilobwe kuno ndi Freddy, inu mukulira mbira?" Sindidawayankhe, ndipo mpaka lero sindiwaimba mlandu. Padali patangopita miyezi itatu chichitikireni namondweyo, yemwe adapha anthu opitirira 1,000 m'dziko muno, ndipo pafupifupi aliyense m'dera mwathu adali ndi wake womulira. Komatu ine ndidakumbukira kuti m'Marichi monse muja, matope atatsika kuphiri, magalimoto a maliro akudutsa tsiku ndi tsiku, mwanayu sadagwetse msozi. Ankangothawira kukhola n'kumayankhula ndi Sajeni. Ndikuganiza kuti ina mwa misozi ya pansi pa papaya idali ya nthawi imeneyo.

Ndidayesa njira zonse za ife akuluakulu. Ndidamulonjeza mbira ina yakuda, iye adangondiyang'ana. Ndidamuuza kuti zatsala 13, ngati kuti ankalira masamu. Usiku wina ndidamusimbira za Magawa, bwampini wobadwira ku Tanzania yemwe bungwe la APOPO lidamuphunzitsa kununkhiza mabomba okwirira pansi, n'kupeza opitirira 100 ku Cambodia, adalandira mendulo yagolide mu 2020, ndipo atafa mu Januwale 2022 nkhani yake idamveka dziko lonse. Ndinkafuna adziwe kuti kulira kanyama si misala. Adamvetsera mpaka pamapeto, kenako adafunsa motsitsa mawu:

"Adadi, usiku uja Sajeni adadya?"

Bodza lidali pafupi, ndipo dotolo wodzamusenzetsa mlandu adalipo. Ndidamuuza kuti ayi, chakudya ndidachotsa ndine, ndipo panja pozizira ndidamusiya ndine. Adadzuka n'kukagona osatsazika. Masiku awiri sadandiyankhule. Madzi osamba m'manja ankangowaika patebulo n'kutuluka.

Loweruka m'mawa ndidamva kugogoda pazenera. Adali iye, atakoka chidutswa cha waya wa nkhuku chomwe adapempha kwa eni nyumba, hamala ili m'dzanja lina. Tidagawa kholalo pakati, iye akugwira, ine ndikukhoma. Titamaliza adayamba kunyamula mbira imodzimodzi, kuitembenuza, n'kumandiuza mbali yoti ndiiike.