LSU ya 2019 siichoka m'mutu mwanga

Usiku wathawu ndimaoneranso pa YouTube gemu ya LSU ndi Alabama ya mu Novembala 2019, ndipo mtima umagunda ngati kuti sindikudziwa mathero ake. LSU inapambana 46-41, ku Tuscaloosa komweko, pakhomo pa eni ake a Alabama! Mu sizoni imeneyo anyamata a LSU a mphunzitsi Ed Orgeron anasewera magemu 15 osagonjako ndi kamodzi komwe, n'kumaliza ndi kuthambitsa Clemson 42-25 ku New Orleans.

Koma ine wanga ndi Joe Burrow. Mnyamatayu anatha zaka zitatu ku Ohio State nthawi zambiri ali pabenchi. Atasamukira ku LSU ku Baton Rouge, m'chaka chake chachiwiri anaponya mipira 60 yobala ma touchdown. Tsiku lolandira mphoto ya Heisman, misozi ili m'maso, mawu akunjenjemera, anakumbukira ana akwawo ku Athens County, ku Ohio, amene akaweruka kusukulu amakapeza kunyumba kulibe chakudya chokwanira. Pasanathe masiku ambiri anthu anasonkha madola zikwi mazanamazana kuthandiza malo ogawira chakudya kumeneko. Apa mpamene ananditengera mtima mnyamata ameneyu.

Abale, ngati simunaionepo timuyi, yambani ndi gemu ya Alabamayo.