Ayuda a ku Migodi Adachoka Ife Tikuona

Adzukulu anga, mukamandimva ndikutchula Kitwe, Luanshya, Mufulira ndi Ndola mawu akunjenjemera, mumayesa ndikulira migodi. Migodiyo ndimailira ndithu. Koma palinso anthu ena amene ndimawalira, anthu amene ngakhale ana obadwira ku Copperbelt lero sadziwa kuti adakhalako. Ndikunena Ayuda.

Ife Anyasa tidathamangira kumeneko chifukwa cha kopa. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya udayamba kutulutsa kopa mu 1931, kenaka wa Nkana ndi wa Mufulira adatsatira, ndipo thengo lidasanduka matauni anthu akuona. Ayuda nawonso adakokedwa ndi kopa yemweyo, ngakhale ambiri sadalowe pansi. Iwo adatsegula masitolo, mabutchala, mahotela ndi magalaja. Oyamba mwa iwo adali kale m'dzikomo: Elie ndi Harry Susman, pachibale pawo, ochokera ku Lithuania, adawoloka Zambezi mu 1901 kukagula ng'ombe ku Barotseland. Migodi itatsegulidwa, anthu zikwizikwi m'makomboni ankafuna nyama ndi nsalu, ndipo amalonda otere ndiwo adali okonzeka. Wachibale wa a Susman, Maurice Gersh, adafika mpaka pokhala meya wa Kitwe. M'ma 1950 Ayuda m'dziko lonse la Northern Rhodesia adali pafupifupi 1,000, ndipo matauni anayi ndatchulawa lililonse lidali ndi sunagoge wake.

Ine ndidali telala pakhonde la sitolo ya mmodzi wa iwo. Bwanayo adali wa ku Lithuania, wamfupi, wokalipa msanga, wowerengera ndalama kawirikawiri. Chibemba ankachilankhula bwino kuposa Chingerezi, ndipo akakangana ndi adona ankalowa m'chilankhulo chawo cha Yiddish kuti tisamve. Lachisanu dzuwa likapendeka adona ankayatsa makandulo, buledi wopota ali patebulo. Loweruka sitolo ankatsegulabe, pakuti ndilo tsiku limene anthu a kumgodi ankagula. Sabata lawo lidagonja pamaso pa kasitomala. Koma tsiku la Yom Kippur, ayi. Tsiku limenelo ankakhoma, osadya, osamwa ngakhale madzi, ndipo masitolo ambiri mumsewu wathu ankakhala otseka mpaka alendo kumafunsa ngati kwagwa maliro.

Maliro adaliko, kungoti ife sitinkawaona. M'kabati ya bwanayo mudali mtolo wa makalata omangidwa ndi chingwe, ochokera kwa mayi ake ndi alongo ake. Kalata yomaliza idali ya 1941. Chaka chimenecho asilikali a Hitler adalowa mu Lithuania, ndipo Ayuda a m'matauni ang'onoang'ono ankawatengera kunkhalango n'kuwawombera m'maenje. Adatsala ochepa kwambiri. Munthuyo adalibe manda oti akalirepo, adalibe mudzi woti n'kubwererako. Ife tikatopa ndi mgodi tinkati tidzapita kwathu, ndipo ngakhale matchona ankadziwa kuti kwawo kulipo, kukudikira. Iye kwawo kudafafanizika. Ena amene tinkawaona, madokotala ndi amisiri, adachita kuthawa ku Germany mu 1938 ndi 1939, atangonyamula sutikesi.

Musaganize kuti ndikuwayeretsa. Anthu omwewa, odziwa bwino kuwawa kwa tsankho, ambiri mwa iwo ankatigulitsa zinthu kudzera pakawindo ka kumbali, mzungu akulowera pakhomo. Kubutchala ankatikulungira nyama osatilola kusankha, ukafika kunyumba n'kupeza mafupa okhaokha. Pamene a chipani cha Congress adati tinyanyale masitolo mu 1956, ine ndidakondwa, ngakhale makina anga osokera adakhala chete masiku amenewo. Ayudawo azungu anzawo ankawanyoza m'makalabu, iwo n'kumatipondereza ife, aliyense kupondera amene ali pansi pake.

Komabe mwa iwo mudatuluka Simon Zukas. Adabwera ali mnyamata kuchokera ku Lithuania mu 1938, adaphunzira uinjiniya ku Cape Town, ndipo atabwerera adakakhala pansi ndi anyamata achikuda ku Ndola kukonza zokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma la atsamunda lidamutsekera, ndipo mu 1952 lidamuthamangitsira ku Britain. Chitaganya chomwecho, kuyambira 1956 mpaka kutha kwake mu 1963, nduna yake yaikulu idali Roy Welensky, woyendetsa sitima wa ku Broken Hill, amene bambo ake adalinso Myuda wochokera mbali za ku Lithuania komweko. Ndiye mukandifunsa kuti Ayuda adali mbali iti, ndikuyankhani bwanji? Zukas adabwerera Northern Rhodesia italandira ufulu n'kukhala Zambia, adakhala nduna m'boma la Chiluba, ndipo adamwalira mu 2021 ali nzika ya dzikolo.

Kuchoka kwawo kudalibe phokoso. Ana ankapita kusukulu ku Bulawayo, ku Johannesburg, ku London, osabwereranso. Mu 1968, ku Mulungushi, Pulezidenti Kaunda adalengeza kuti malonda ambiri akhale m'manja mwa nzika za Zambia, ndipo mu 1969 boma lidati litenga magawo 51 pa 100 aliwonse a migodi. Ine ndidaomba m'manja, ndipo sindinong'oneza bondo, chifukwa dziko lidali la eni ake. Koma mwezi uliwonse ndinkamva kuti akuti-akuti agulitsa, apita ku South Africa, ena ku Israel. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, otsalawo adalongedza.

Mwambo wawo umafuna amuna khumi kuti pemphero la gulu litheke. Bwana wanga atakalamba ankayenda pagalimoto kuchoka tauni ina kupita ina kukasaka wachikhumi, kuti athe kupempherera mayi ake pa tsiku lowakumbukira. Nthawi zina ankabwerako atasowa munthu, n'kukhala pakhonde pafupi ndi makina anga osalankhula kanthu. Munthu amene kale ankandikalipira chifukwa cha ulusi, tsopano ankandifunsa za mvula ya kwathu.

Masunagoge aja adatsekedwa limodzi ndi limodzi. Wa ku Kitwe adasanduka tchalitchi cha Salvation Army. Manda awo alipo, miyala yolembedwa m'Chihebri, koma wobwera kudzaikapo timiyala, monga amachitira iwo m'malo mwa maluwa, amaoneka mwa apo ndi apo. Ife amene tinkawadziwa mayina tatha. Anzanga a pakhonde, Abemba, Alamba, Anyasa, onse adatsogola, ndipo manda a Anyasa ambiri kumeneko alibe ngakhale mwala.

Ayuda ochepa otsala m'Zambia adagulitsa malo ena a gulu lawo, ndipo gawo la ndalamazo adalipereka kusukulu ya madokotala ya Copperbelt University ku Ndola. Inu amene mukufuna udokotala, mukadzapita kumeneko mudzandifunsire ngati pali amene akudziwa kumene ndalamazo zidachokera.