Makhadi Awiri Akale ndi Nkhani ya Magetsi ku Tsangano

Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mabanja amene anathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza akubwerera kwawo ku Tsangano, kanema ankaonetsedwa m'kanyumba kamdima: wailesi ya kanema imodzi, deki ya matepi, jenereta ikulira kuseri. Ana a nthawi imeneyo, mlembi wa nkhani ino ali m'gulu lomwelo, ankalipira pakhomo n'kupanikizana pa benchi mpaka mafuta atatha. Matepi anadzasiyira malo ma CD, ma CD nawo anasiyira timamemori ta m'foni. Lero ana awo ndi amene ali ndi timashopu tothira nyimbo m'mafoni, tokonza mavidiyo a maukwati ndi toseweretsa mpira wa pa kompyuta. Akayamba kutsutsana za zida, mlembiyu amamva mayina awiri kawirikawiri: GTX 1050 Ti ndi RX 570.

Onsewa ndi ma graphics card, makhadi amene amalowetsedwa m'kati mwa kompyuta kuti azijambula zonse zooneka pa sikirini. Nvidia inatulutsa GeForce GTX 1050 Ti mu Okutobala 2016 pa mtengo wa madola 139, ndipo AMD inatulutsa Radeon RX 570 mu Epulo 2017 pa madola 169. Kumayiko olemera ndi zida zakale. Kuno, kumene makompyuta ambiri amafika atagwira kale ntchito m'maofesi akunja, nthawi yake ndi inoyi.

Pa mphamvu palibe chotsutsana, RX 570 ndiye mkulu. GTX 1050 Ti ili ndi memori ya 4 GB, pomwe RX 570 imapezeka ya 4 GB komanso ya 8 GB. Njira yodutsa uthenga pakati pa memori ndi ubongo wa khadi ndi ya 128-bit pa GTX, koma ya 256-bit pa RX. Zili ngati misewu iwiri ya malole a kachewere: wina umadutsa lole imodzi, wina malole awiri mogundizana, onse pa liwiro limodzi. N'chifukwa chake GTX imasuntha 112 GB pa sekondi, pamene RX imasuntha 224. Mnyamata akamasewera GTA V zithunzi atazikweza, kusiyanako amakuona ndi maso: pamene GTX yayamba kudodoma, RX imangoyenda.

Koma RX 570 imadyanso kawiri. Ikagwira ntchito mwamphamvu imafuna mawati 150, GTX 1050 Ti mawati 75 okha. Kwa munthu wa ku Tsangano kapena ku Furancungo, apa ndiye pagona nkhani.

Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwechi cha Tete ndipo limatha kupanga mamegawati 2,075, koma mwini kashopu ka kumudzi amawerengera batire lake la sola. Batire la 12 V ndi 100 Ah limasunga magetsi okwana mawati 1,200 kwa ola limodzi, ndipo amene amalidziwa salikama mpaka kutheratu chifukwa limafa msanga. Pamenepo pali sikirini, sipika, inveta ndi mafoni a anthu odzatchajitsa, zonse zikuyamwa pamodzi. Mawati 75 owonjezera angachititse kuti shopu itsekedwe dzuwa likangolowa, nthawi yomwe achinyamata aweruka kumunda ndipo akufuna kusewera. Amene ali pa mita yolipiriratu ya Credelec naye ali ndi masamu ake: mawati 75 kwa maola 10 tsiku lililonse amapitirira mayuniti 22 pa mwezi. Ndiye wogula wochenjera sayamba ndi kufunsa liwiro. Amafunsa kuti, "Achimwene, imadya bwanji moto?"

Palinso nkhani ya bokosi lenilenilo. Ma Dell OptiPlex ndi ma HP a m'maofesi amabwera ndi power supply (kabokosi kogawa moto m'kati mwa kompyuta) yaing'ono, nthawi zambiri yopanda chingwe chapadera chodyetsera khadi. Ma GTX 1050 Ti ambiri safuna chingwecho, amatenga moto wonse pamalo pomwe alowetsedwa, ndipo alipo ena afupiafupi okwana m'timabokosi tating'ono. Munthu amangotsegula chivundikiro, kukanikiza khadi mpaka limveke kuti "tha", kumanga sikuluwu imodzi, basi. RX 570 imafuna chingwe cha mapini 6 kapena 8, choncho woigula amagulanso power supply ina, mwinanso bokosi lina. Ngakhale aigule motsika, mtengo wakwera asanayatse n'komwe.

Mbiri ya makhadiwa inasokonezedwanso ndi anthu akutali amene sanasewerepo nawo. Mu 2017 okumba ndalama za pa intaneti, makamaka Ethereum, anagula ma RX 570 ambirimbiri n'kuwayatsa usana ndi usiku, mitengo n'kukwera. Chakumapeto kwa 2020 makhadi a 4 GB anayamba kulephera ntchito imeneyo, ndipo pa 15 Seputembala 2022 Ethereum inasiyiratu kukumbidwa ndi makhadi. Zikwizikwi za makhadi otopa zinakhuthukira m'misika ya zogwiritsidwa kale ntchito. RX 570 yotsika mtengo imakopa, koma ingakhale kuti fani yake yatha, phala loziziritsa ubongo wake lauma, kapena okumba aja anasintha pulogalamu ya m'kati mwake. Kuzizira kwa m'mapiri a Tsangano kumathandiza ndithu, koma fumbi la m'chilimwe silisiya fani yodwala kale.

GTX 1050 Ti nayo ili ndi msampha wake. Achinyengo amatenga makhadi akale kwambiri, monga GTS 450 ya mu 2010, n'kuwalemba dzina la 1050 Ti, mpaka kompyuta imawerenga dzina labodzalo. Chizindikiro chili kumbuyo kwa khadi. Makhadi awiri enieniwa satulutsa zithunzi kudzera pa VGA, kabowo ka buluu ka mapini 15 kaja. Munthu akaona 1050 Ti ili ndi kabowo kameneko, abweze ndalama m'thumba. Amene ali ndi sikirini yakale ya VGA agule kachingwe kosinthira kuchokera ku HDMI.

Mlembiyu sabisa mbali yake. Kwa wa sola ndi bokosi la muofesi, GTX 1050 Ti ndiyo imabweza ndalama, ngakhale ili yofooka. RX 570 ya 8 GB ndi ya amene ali ndi magetsi a pa mita ndi power supply yodalirika, ndipo asapereke ndalama asanaione ikusewera kwa ola lathunthu pamaso pa wogulitsayo, khutu lili pa fani.