Funso la agogo a ku Nathenje

Tili patchuthi kwathu ku Nathenje, agogo ena anatiimitsa pamsika. "Ana anga, si inu mukuphunzira zachipatala? Mdzukulu wanga anabayitsa katemera wa malungo, koma mwezi wathawu wagonekedwa ndi malungo omwewo. Phindu lake n'chiyani?" Tinangokanda m'mutu.

Funsoli linatikumbutsa phunziro lomwe ambirife timaodzera nalo m'kalasi, la kuphatikiza zotsatira za kafukufuku. Katemera wa RTS,S asanayambe kuperekedwa pa 23 Epulo 2019 m'zipatala monga cha Mitundu, anayesedwa pa ana oposa 15,000 m'malo 11 a m'maiko 7 a mu Africa, kuphatikizapo Lilongwe. Malo alionse anapeza zakezake, chifukwa udzudzu suluma mofanana paliponse. Ataziika pamodzi, zinaoneka kuti katemerayu amapewetsa pafupifupi matenda 4 mwa 10 alionse a malungo.

Kuphatikizaku si kungowonkhetsa manambala. Kafukufuku wa anthu ambiri amapatsidwa mphamvu kuposa wa anthu ochepa, ndipo zotsatira zikasiyana kwambiri amafufuza chifukwa chake. Mlimi sayamikira kapena kunyoza mbewu poona phesi limodzi. Amafunsa anzake a minda yosiyanasiyana.

M'mawa mwake tinapita kwawo. "Agogo, mwanena zoona, katemerayu satchinga malungo onse. Amangowachepetsa. Mwana amalize kubayitsa maulendo onse anayi, ndipo azigonabe m'neti." Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Bwenzi atatiuza choncho poyamba pomwe."

Mawu amenewo tabwera nawo kusukulu kuno.