Sikelo Yaima pa 93, Achimwene

Kwa achimwene ku Ntengo-wa-Mbalame, ndipo muwawerengerenso amalume ku Furancungo.

Mlongo wanu wa ku Joni ali moyo ndipo sakudwala. Wayamba ndi mawu amenewa chifukwa chithunzi chimene anatumiza pa WhatsApp pa Khirisimasi chinabweza mayankho atatu. Msuweni wina anafunsa ngati anakayezetsa magazi. Azimayi a pamjigo, monga wamvera, agamula kale kuti kaliwondewonde wamupeza. Yankho lanu, achimwene, silinanene kanthu za thupi lake. Munangolemba mtengo wa matumba anayi a feteleza wa mbatatesi.

Mukumbukira mmene anachokera kwathu, msungwana wowonda amene ankasenza mbatatesi kukagulitsa pa Tsangano Turn-off ku Ntcheu. Joni ndiye anamunenepetsa. Ntchito ya kukhitchini ya lesitilanti imatha pakati pausiku, ndipo chimene munthu amapeza nthawi imeneyo ndi tchipisi, buledi ndi zakumwa zotsekemera. Sali yekha, pakuti kafukufuku wa zaumoyo wa 2016 anapeza kuti amayi 68 mwa 100 alionse ku South Africa ndi onenepa kupyola muyezo. Atabwera kumudzi mu 2019 akulemera makilogalamu 128, munamulandira ndi nthungululu kuti zinthu zikumuyendera. Palibe amene anaona kuti anapumira katatu pa kamtunda kopita kutchalitchi. Shuga anali atamulowa kale, magazi akuthamanga, mawondo akutupa. Kuno dalaivala wa takisi anamulipiritsapo mipando iwiri, n'kuwonjeza dzina lija lonyozera alendo la kwerekwere anthu onse akumva, ndipo iye analipira osayankha chifukwa kalankhulidwe kake kakanangomuulula kuti ndi wa kuti.

Nchifukwa chake anavomera opaleshoni yochepetsa chifu. Madokotala anachotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 a chifu chake, n'kusiya kathumba kakatali, kopyapyala ngati nthochi. Gawo lochotsedwalo ndi limene limapanga kwambiri ghrelin, timadzi timene timauza ubongo kuti njala yafika. Milungu iwiri yoyamba ankangomwa zamadzimadzi, kenako phala losefa, masipuni owerengeka.

Amayi aang'ono anatisiya pa tsiku lake la 9 chichokereni kuchipatala. Dokotala anakanitsitsa ulendo wa masiku awiri pa basi, wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, chifukwa munthu wongochitidwa kumene opaleshoni akakhala pansi nthawi yaitali magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Nyimbo za kumanda anazimvera pa foni, atagona chagada, mabala asanapole. Bokosi anagula ndi iyeyo, ufa wa pamaliro ndi iyeyo. Komabe mawu anamufika akuti mwana wa ku Joni watumiza ndalama m'malo mwa misozi. Amene anayankhula akudzidziwa, ndipo akudziwanso amene anamulipirira mlandu wa ng'ombe zija zinalowa m'munda wa tirigu.

Miyezi 6 yoyamba thupi linkasungunuka ngati mafuta pamoto. Jakisoni wa shuga anamusiyitsa. Kenako kutsika kunayamba kuchedwa, ndipo pa mwezi wa 14 sikelo inaima pa 93. Papita miyezi isanu isanasunthe. Ankakwerapo m'mawa, kukweranso madzulo, mpaka anakagula mabatire atsopano poganiza kuti yafa. Usiku wina analira, pokhulupirira kuti ngongole yonse ya opaleshoniyo yapita m'madzi.

Katswiri wa zakudya ndiye anamukhazika mtima pansi. Anthu ambiri ochitidwa opaleshoni yotere amasiya kutsika pakati pa miyezi 12 ndi 18, atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo kapena kuposerapo pang'ono. Iye wataya makilogalamu 35 pa 128, ndiye ali momwemo. Thupi laling'ono limafuna chakudya chochepa kuti liyende, komanso likaona kuti chakudya chachepa kwa nthawi yaitali limayamba kusunga mphamvu, monga amachitira mayi wanzeru ndi nkhokwe mu February. Chifu nacho chimatambasuka pang'ono, njala n'kuyamba kubwerera. Anamulangiza kusiya sikelo n'kutenga tepi ya telala. Atayeza, anapeza kuti chiuno chachepabe m'miyezi imene sikelo inali chiimire, chifukwa kuyenda pansi kochokera kuntchito kwamanga minofu pamene mafuta akuchoka.

Kudya kwake tsopano kuli ndi malamulo. Amayamba ndi ndiwo, mazira, nyemba kapena nsomba, kuti akwanitse magalamu 60 a zakudya zomanga thupi patsiku. Nsima imabwera pomaliza, mbamu ziwiri basi. Madzi samwera pa chakudya, amadikira mphindi 30. Mavitamini, makamaka B12, ayironi ndi kashiamu, adzamwa moyo wake wonse, ndipo sagawidwa ulere.

Chithunzi chija sichinakuonetseni zonse. Khungu la m'mikono likulendewera ngati thumba lokhuthulidwa. Pa mwezi wachinayi tsitsi linathothoka mpaka anayamba kuvala duku kuntchito. June wa ku Joni amamuzizira mpaka m'mafupa, iye mwana wokulira m'chisanu cha Tsangano. Madiresi wawapititsa kwa telala katatu. Akalowa m'sitolo dzanja limathamangirabe ku zovala zazikulu, ndipo chitenje cha amayi chimene kale sichinkakumana kutsogolo tsopano chimamuzungulira n'kutsalako.

Akuthokoza, achimwene, ndipo akunena kuchokera pansi pa mtima. Mwana wake mwamulera ngati wanu, sanagonepo ndi njala. Nyemba zimene alamu anatumiza ndi mnyamata wa basi uja anazidya pang'onopang'ono kwa mwezi wathunthu, akununkhiza kwathu.

Koma mpaka liti adzakhala banki? Ali wonenepa munkati ndalama zachita kutuluka m'masaya. Mutamva za opaleshoni munati munthu wolipira kuti amudule mimba ndiye kuti ndalama zamusowetsa pogona. Zoona zake n'zakuti inshuwalansi ya zaumoyo inalipira gawo chabe, ndipo zotsalazo ndi ngongole imene imadulidwa pa malipiro iye asanawaone. Pali lendi, pali takisi, pali mavitamini. Amalume amaimba kuti awathandize kulipira aganyu fodya asanagulitsidwe, ndipo fodya akagulitsidwa foni yawo imakhala chete mpaka mvula. M'chaka chonse chathachi, munthu mmodzi yekha ndiye anaimba kungofunsa ngati bala lapola, ndipo anali mwana wa zaka 12. Mpingo umatiphunzitsa kunyamulirana zothodwetsa. Kodi lamulo limeneli limayenda njira imodzi yokha, kuchokera ku Joni kupita kumudzi?

Pali nkhani inanso. Mng'ono wake uja akuti akumwa madzi osakhuta, akudzuka kangapo usiku kukataya madzi, ndipo thupi lamukulira. Mlongo wanu anayamba choncho. Musadikire kuti afike pomwe anafika iye. Mupite naye kuchipatala ku Ulongwe kapena ku Ntcheu akamuyeze shuga, ndipo ndalama ya ulendo umenewo yokha atumiza popanda kudandaula.

Za feteleza, akwanitsa matumba awiri, ndipo ndalama ifika pa M-Pesa kumapeto a mwezi. Mu August abwera kudzaika chiliza cha amayi aang'ono, ndipo akufuna kukafika kumandako m'mawa, anthu asanachuluke. Muwauziretu alamu kuti asaphe nkhuku ziwiri. Akadzatema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, asadzaganize kuti wanyoza nsima yawo.

Ndi mlongo wanu,
ku Johannesburg.